Loweruka lonse linathera pa chizindikiro cha &

Ndinali ndi malinki 40 m'fayilo imodzi, ndipo ndinkafuna kuti pulogalamu yanga ya Python iziwerenga linki imodziimodzi, kuisunga mu variable (dzina losungiramo zinthu mu pulogalamu) imene ndinaitcha linki, kenako n'kuitsegula mu Chrome. Kantchito kameneka kanandidyera Loweruka lonse.

Popeza kompyuta yanga ndi ya Windows, ndinayamba ndi os.system("start " + linki), imene imatumiza lamulo la start ku cmd, pulogalamu ya Windows yolandira malamulo olembedwa. Malinki afupiafupi ankatseguka bwinobwino, koma aatali ankandifikitsa pa tsamba lolakwika, ndipo pansi pankatuluka uthenga wakuti lamulo lina silikudziwika. Ndinkaganiza kuti vuto ndi netiweki, moti ndinafika pogula bandulo ina mosafunikira. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ndikaionetsa linkiyo ndi print, inkaoneka yathunthu, yosasowa ngakhale chilembo chimodzi. Dzuwa litapendeka m'pamene ndinazindikira kuti cmd imaona chizindikiro cha &, chimene chinali m'malinki aataliwo, ngati malire pakati pa malamulo awiri, choncho inkadula linki pomwepo n'kutenga chotsalacho ngati lamulo lina. Nditaitsekera linkiyo m'zizindikiro za mawu ogwidwa (" "), panangotseguka windo yakuda yopanda kanthu, chifukwa start imatenga mawu oyamba otsekeredwa chonchi ngati mutu wa windo.

Musavutike ndi os.system pa ntchito imeneyi. Python imabwera kale ndi webbrowser, simufunika kuikamo china chilichonse. Lembani import webbrowser pamwamba, kenako webbrowser.open(linki), ndipo linki imaperekedwa yonse ku msakatuli (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) popanda kudulidwa. Dzina la variable musalitsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, apo ayi pulogalamu idzayesa kutsegula liwu lakuti linki m'malo mwa zimene mwasungamo.

Ndinaiwala kunena kuti m'mawa ndinali nditalimbana kale ndi vuto lina. Mzere uliwonse wowerengedwa m'fayilo umabwera ndi kachizindikiro kosaoneka kumapeto kwake kosonyeza kuti mzere watha, ndipo kamachotsedwa ndi linki.strip(). Onetsetsaninso kuti linki iliyonse ikuyamba ndi https://, chifukwa popanda zimenezi kompyuta ikhoza kuiona ngati dzina la fayilo.

Ndikubwerezanso, os.system isiyeni. Nditasintha mzere umodzi umenewo, malinki onse 40 anatseguka nthawi imodzi mpaka kompyuta inayamba kulemera, ndiye ndinaika time.sleep(2), lamulo lodikira masekondi awiri, pakati pawo kuti azitseguka motsatizana.