Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Labu ya mdima

Zikomo nonse amene munalemba ma comment pa gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Leeds aja, mawu anu anandigwira mtima. Ambiri mwafunsa kuti ku Joni kuja ndinkapanga chani kwenikweni, poti kumudzi ena mpaka lero amati ndinkagulitsa magalasi a maso. Ayi ndithu.

Zaka zauphunzitsi zija tidumphe, munaziwerenga kale. Nditafika ku Johannesburg kukapanga masters ya physics, a Prof aja anandiyambitsa pa interferometer ya Michelson. Laser yofiira ya 633 nm (nm ndi nanometer, kamuyeso kakang'ono zedi, ndipo 633 nm ndi kutalika kwa funde limodzi la kuwalako) imagawidwa pawiri, mbali iliyonse imakagunda kalilole wake n'kubwerera, zikakumana pamatuluka mizere yowala ndi yakuda. Kalilole akasuntha theka chabe la 633 nm, mzere umodzi wadutsa, ndipo katsitsi kamodzi ka pamutu panu ndi konenepa kuposa pamenepo maulendo oposa 100. Munthu kungomenyetsa chitseko pakhonde basi mizere yonse kunjenjemera. Nzeru yomweyi ndi imene LIGO, labu yaikulu ya ku America, inagwiritsa ntchito, ndi mikono ya makilomita 4, pomwe inagwira ma gravitational wave (mafunde a mphamvu yokoka ochokera kutali mlengalenga) pa 14 September 2015.

Koma yanga yeniyeni inali ghost imaging, imene inaonetsedwa koyamba mu 1995 ku Maryland. Laser imadutsa mu crystal n'kubala ma photon (tizidutswa ta kuwala) awiriawiri olumikizana, mmodzi amakagunda chinthu chimene tikufuna kujambula, mnzake sachiona n'komwe koma ndi amene timamuyeza malo, ndiye ukaphatikiza ma click a ma detector awiriwo chithunzi chimabwera pang'onopang'ono. Vuto lake ndi kuchedwa, maola ndi maola. Ndiye ife tinkaphunzitsa kompyuta kuti izindikire chinthucho msanga chithunzi chisanathe, uzimitse uzipita kwanu. Gulu la Andrew Forbes ku yunivesite ya Wits linalembapo za njira imeneyi mu 2021.

Ma detector amenewa amawerenga photon mmodzimmodzi, sakufuna kuwala kwina kulikonse. Foni imatsala panja mu locker, lamulo limenelo, ndipo ndi lamulo labwino, sindikudandaula nalo. Masana magetsi ankathimathima nthawi imeneyo, ndiye tinkayeza usiku.

Usiku wina ndinalowa mu labu nditalankhula ndi achemwali, anati bambo adyako phala, akupezako bwino. Ndinatuluka kukucha, data yabwino kwambiri chiyambire, ndikumwetulira ndekha pakhonde. Kutsegula locker, ma missed call mzere wonse. Achemwali, amalume, achemwali, nambala yosaidziwa, achemwali. Ndi voice note imodzi. Mu voice note imeneyo achemwali akuti "lankhulani bambo, akumvani," kenako kupuma kwa bambo, kolemera, n'kutchula dzina langa la ubwana lija kawiri. Sananene china. Meseji yomaliza inali ya amalume: "Mphwanga, limba mtima, bambo ako atisiya."

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, ma goggles a laser akadali pakhosi. Mayi wokolopa anandipeza, sanafunse zambiri, anangondigwira phewa n'kukhala nane mpaka mnzanga wa ku Limpopo uja anafika. Voice note ija ndinaimvera mu basi njira yonse, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, pa boda paliponse ndikupempha Mulungu kuti mzere ufulumire. Ndinapeza ataika kale dzulo lake. Nkhata zinali zisanafote.

Tsopano azakhali, ndikudziwa mumawerenga pa foni ya mwana wanu. Munanena pa sadaka, anthu onse akumva, kuti ndinasankha azungu ndi magalasi awo kusiya bambo anga. Ine ndinakhala chete chifukwa cha ulemu wa maliro. Koma mankhwala onse aja, ndi galimoto yopita nawo kuchipatala mwezi ndi mwezi, zinkachokera pa bursary ya magalasi omwewo, ine ndikudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Inu munabwera kangati kudzawaona? Musayankhe pano, achemwali ali nalo yankho.

Data ya usiku umenewo ndi imene ili mu chaputala 4 cha thesis yanga, a Prof anakana kuti ndiyezenso ndipo ankanena zoona. Gawo likubwerali ndi nkhani ya munda wa kudambo uja, amene mumati ndikuibisa konzekani.