Mbalame za pafupi ndi kwathu

Ntchito yanga ndi kutsogolera alendo okonda mbalame kuno ku Zomba. Ambiri amachokera kunja atalemberatu mbalame zomwe akufuna, ndipo pamwamba pamakhala Yellow-throated Apalis, kambalame kachikasu pakhosi kopezeka m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje basi, kwina konse padziko kulibe. Sabata yathayi alendo kunalibe, mvula itayamba. Lolemba aphunzitsi a kalabu ya zachilengedwe pa sekondale ina anandiimbira kuti ali ndi mtsikana wa Fomu 3 amene mbalame za pabwalo la sukulu wazimaliza, ndiye akuwavutitsa ndi mafunso.

Mtsikanayo anabwera ndi kope lodzaza zojambula: pumbwa, tchete, kabawi, nantchengwa. Funso lake loyamba linali la Liwonde. "Ankolo, akuti kumeneko ndiye kuli mbalame zenizeni." Inde, ku Liwonde kuli Böhm's Bee-eater ndi kadzidzi wamkulu wogwira nsomba mu Shire, koma pamafunika ya pachipata ndi galimoto. Mwana wa sukulu angapiteko mwina kamodzi pa chaka. Chomwe ankasowa ndi malo oti afikeko wapansi Loweruka lililonse, chifukwa maso ndi makutu amakhwima pobwerera malo amodzi kambirimbiri, osati pothamangira malo otchuka.

Lachiwiri ataweruka tinapita ku Botanical Garden, munda umene Alexander Whyte anauyambitsa mu 1891. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo, mitengo ndi yakalekale. Ndinamuuza kuti ma binoculars ayambe wawaika pansi, angomvetsera. Patapita kanthawi nkhulukulu inalira m'mwamba, kenako inauluka mapiko ofiira ali pyaa! Iye kufuna kulumpha. Ndinati, "Iwe, khala phee, ikubweranso." Inabweradi. Pamenepo ndinamuphunzitsa zolemba: tsiku, nthawi, mtengo umene mbalameyo inatera, ndi chomwe imachita. Dzina limabwera pambuyo. Alendo ena amene ndimayenda nawo amangoloza foni kuti Merlin, pulogalamu yozindikira mbalame, iwauzire, koma mbalame za m'nkhalango zathuzi foni imaziphonya kawirikawiri.

Lachitatu sikunali mbalame. Ndinakaonana ndi mayi ake, ndipo sanazungulire: "Achimwene, mwana wamkazi m'tchire mbandakucha, inu mukuona bwanji?" Ankanena zoona. Tinagwirizana kuti kuphiri sadzapita yekha, azipita ndi aphunzitsi ndi anzake a kalabu, kapena pa maulendo a nthambi ya WESM, bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe. Anafunsanso ngati zimenezi zili ndi ntchito m'tsogolo. Ndinangowauza kuti ine ana anga ndimawadyetsa ndi zomwezi.

Lachinayi ndinakwera ndekha kukayendera njira za pamwamba pa phiri, cha ku damu la Mulunguzi ndi ku Williams Falls. Mu paini musataye nthawi, muli zii. Mbalame zili m'timagawo ta nkhalango yachilengedwe totsalira m'mbali mwa mitsinje, ndipo timagawoto tikuchepa ndi moto ndi nkhwangwa. Malo ena amene kale ndinkaimikapo alendo tsopano ndi zitsa zokhazokha.

Loweruka tinalawirira ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, ndi aphunzitsi ndi ana ena awiri. Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, koyamba m'dziko muno, ndipo ndi nyanja yosazama yomwe imaphwa zaka zina, monga mu 1995. M'mabango munali akakowa, atsekwe, nkhwazi ikuzungulira, ndi anamzeze ochuluka, ena mwa iwo ochokera ku Ulaya kuthawa chisanu. Padoko tinapeza bambo wina akugulitsa mbalame zowamba. Mtsikanayo anakwinya nkhope, koma ndinamukankha kuti akawapatse moni. Anawafunsa mwaulemu, "Bambo, zimenezi zimaswera kuti?" Anamufotokozera mwezi umene iliyonse imafika, kumene imagona, ndi maina akumeneko amene ngakhale ine ena sindinkawamva. Kope linatha masamba.

Pobwerera pa minibasi tinapangana zoti Botanical Garden azipita Loweruka lililonse ndi mnzake, kuphiri kamodzi pa teremu ndi kalabu, ndipo ku Chilwa tidzabwerere mu Febuluwale madzi atadzaza, mbalame za ku Ulaya zisananyamuke. Ma binoculars anga akale ndawasiya kwa aphunzitsi, azisainira akatenga.