Skadi anabwerera kumapiri kwawo

Lachitatu usiku, ndipo tulo takana. Madzulo ano takangana pa foni ndi mng'ono wanga, chotikanganitsa ndi buku. Ananditumizira yekha pa WhatsApp, limodzi mwa mabuku achikondi aja otenga milungu ya anthu akale a ku Scandinavia n'kuilukira nkhani zatsopano. Mtsikana wa m'nkhanimo ndi valkyrie, mmodzi mwa akazi ankhondo a Odin, mfumu ya milunguyo, amene amasankha ophedwa kunkhondo n'kupita nawo ku Valhalla, nyumba yake yaikulu yolandirira ankhondo akufa. Mwamunayo ndi wa mtundu wa ziphona, adani a milungu chiyambire kalekale. Anapha mlongo wake wa mtsikanayo, kenako n'kumugwira mtsikanayo, n'kumutsekera m'nyumba ya m'phiri lachisanu. Pofika pakati pa buku, awiriwa akondana moti wina sangadye mnzake palibe.

"Asisi, mwamaliza? Si lokoma?"

Ndamuuza zoona. Buku ndi lokoka mtima, ndawerenga mpaka foni kutentha m'manja. Koma pali pamene mtima wanga wakana kudutsa. Mwamunayo sanapepese, sanalipe kanthu. Wophedwa uja watchulidwa m'masamba oyambirira basi, kenako dzina lake zii, ngati anabadwira kuti awiriwa adzakumane.

"Iii, inunso asisi! Ndi nthano chabe. Kukoma kwake ndi komweko, kuti amene umadana naye ndi amene amakudziwa kuposa wina aliyense."

Pamenepo sindinamutsutse. Inenso nkhani za adani odzakondana ndimazikonda, chifukwa anthu otere anaonerana kale zoipa zonse, palibe chobisirana, ndipo chikondi chikamera pamenepo chimakhala chopanda chinyengo. Koma magazi ndi magazi. Ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti eni ake a nthanozi ankadziwa zimenezi kuposa olemba athu a lero.

Ndamufotokozera za Skadi. Nkhani yake ili m'buku la nthanozi lotchedwa Edda limene Snorri Sturluson analemba ku Iceland cha m'ma 1220. Bambo ake a Skadi, chiphona Thjazi, anaba mulungu wamkazi Idunn pamodzi ndi maapulo ake amene ankaletsa milungu kukalamba. Loki, tambwali wa pakati pa milungu, atamulanditsa Idunn, Thjazi anamuthamangitsa atasanduka chiombankhanga, milungu n'kuyatsa moto pa linga la mudzi wawo wa Asgard, nthenga zake n'kupsa, n'kumuphera pomwepo. Skadi sanakhale pansi n'kumalira. Anavala chisoti ndi malaya ankhondo, n'kunyamula zida, ulendo wa ku Asgard kukabwezera imfa ya bambo ake. Milungu, ndi mphamvu zawo zonse, inavomera kuti pali ngongole. Inamulola kusankha mwamuna pakati pawo ngati chipukuta misozi, koma poona mapazi okha. Iye anasankha mapazi okongola koposa poganiza kuti ndi a Baldr, mulungu wokongola kuposa onse, koma anali a Njord, mulungu wa nyanja ndi mphepo. Anafunanso kuti amuseketse, chinthu chimene ankaona kuti n'chosatheka kwa munthu wofedwa, ndipo Loki anachita masewera ake ochititsa manyazi ndi mbuzi mpaka Skadi anaseka. Odin anaponya maso a Thjazi kumwamba n'kukhala nyenyezi ziwiri, kuti wakufayo asaiwalike.

Apa mng'ono wanga wadula: "Ndiye anakondana eti?"

Ayi ndithu, ndipo ndi pamene ndimaikondera nkhaniyi. Linavuta ndi funso lomwe limavuta kwathu kuno, loti banja likhala chikamwini kapena chitengwa. Skadi ankafuna kumapiri, ku Thrymheim, pamudzi wa bambo ake. Njord ankafuna kugombe, ku Noatun. Anapangana zosinthana: masiku 9 kumapiri, kenako kutsikira kunyanja. Njord anabwerako akudandaula kuti kulira kwa mimbulu kunamunyansa. Skadi naye anati tulo sanatione chifukwa cha mbalame za kunyanja zimene zinkamudzutsa m'mawa uliwonse. Mapeto ake anabwerera kumapiri kwawo, n'kumayenda pa chipale chofewa ndi matabwa otsetserekera kumapazi, uta uli m'manja, akusaka nyama. Palibe amene anamukokera kunyumba kwa mwamuna. Ndipo sanaiwale. Tsiku limene milungu inamanga Loki pathanthwe, uja anadzitama pamaso pake kuti anali patsogolo pophedwa Thjazi, ndi Skadi amene anapachika njoka yaululu pamwamba pa nkhope yake.

Sindikudziwa kuti tinalankhula nthawi yaitali bwanji, ndinangozindikira ndiwo zagwirira pamoto. Mwana wathuyu sagonja msanga, anatengera amayi. Wati, "Nanga Freyr ndi Gerd? Wolemba wanena kumapeto kuti anatengera amenewo, ndipo anakwatirana bwinobwino."

Mtima wanga unachita kuti myuu, chifukwa nkhani imeneyo ndiye yoopsa koposa. Mulungu Freyr anamuona Gerd, mwana wamkazi wa chiphona, ali patali, atakhala pa mpando wa Odin woonera maiko onse, n'kudwala chikondi. Sanapite yekha, anatuma wantchito wake Skirnir, n'kumupatsa hatchi ndi lupanga lake. Gerd atamva kuti kunja kwafika mlendo, ananena kuti akuopa kuti mwina ndi amene anapha mlongo wake. Skirnir anatulutsa maapulo 11 agolide, Gerd anakana. Anatulutsa mphete, anakananso. Anamuonetsa lupanga n'kunena kuti amudula mutu, iye osatekeseka. Ndiye anayamba kumutemberera: kuti adzakhala yekha, wosekedwa, wolira tsiku ndi tsiku, wopanda chimwemwe cha mwamuna mpaka kalekale. Apo m'pamene Gerd anavomera kukumana ndi Freyr ku nkhalango ya Barri pakapita masiku 9. Mkazi wakana katatu, kachinayi wavomera ndi mantha, ndiye tizitcha chikondi? Ngakhale nthanoyo sinamusiye Freyr osalipira. Lupanga lija analipereka chifukwa cha Gerd, ndipo pa nkhondo yomaliza ya Ragnarok adzakumana ndi Surt, chiphona cha moto, alibe lupangalo, n'kuphedwa.

Anangoti, "Asisi, mumaganiza kwambiri," n'kuseka, n'kunena kuti mayunitsi atha.

Chimene sindinamuuze ndi ichi. Mwezi wathawu, tikuchapa, anandiuza za mnyamata amene akuyenda naye, kuti amamulanda foni n'kumaona mauthenga, ndipo akachedwa kuyankha amakalipa mpaka kumuliza. Ananena akumwetulira. Anati amakwiya choncho chifukwa amamukonda. Ndiye lero pomva akuyamikira mwamuna wotsekera mkazi m'phiri, ndinamva mawu omwe aja akubwera kachiwiri. Sindikunena kuti buku ndi limene lamuphunzitsa, ayi. Anthu timawerenga zoopsa zambiri n'kukhala bwinobwino. Koma munthu ukamva kawirikawiri kuti nkhanza ndi chikondi chobisala, tsiku lina ukakumana nazo umazilandira ndi manja awiri.

Ndikulakalaka buku la mtundu womwewu, valkyrie ndi chiphona, chisanu ndi malupanga, zonse zikhalemo, koma wolakwayo ayambe wagwada n'kulipa, ndipo mkaziyo khomo likhale lomutsegukira kuti akafuna azipita. Akatsala, tidziwe kuti watsala mwa kufuna kwake. Limenelo ndingalilire misozi mosavuta.

Wanditumizira kale buku lachiwiri la nkhani yomweyi, akuti muli ukwati. Sindinalitsegule. Loweruka akubwera kudzatenga nsapato zake, ndipo ndikuganiza zodzayambira pa Skadi, chifukwa ndikadzayambira pa mnyamata uja adzangonyamula chikwama n'kumapita. Kapena ndiyambe ndalankhula ndi amayi. Koma amayi akangomva, nkhani ifika kwa amalume tsiku lomwelo, ndiye sadzandiuzanso kanthu.