Zikomo a gulu la mawu a m'mawa, talowa m'nyumba yathu

Abale ndi alongo, ndalemba pano poyera dala chifukwa ndikati ndiziyimbira aliyense payekhapayekha mayunitsi sangakwane, komanso ena nambala zanu zinapita ndi foni ija. Ife talowa m'nyumba yathu ku Mpemba. Ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, pulasitala sitinapake, mawindo awiri tatchinga kaye ndi zidutswa za malata, koma ndi yathu ndipo ili pansi pathyathyathya, osati m'mbali mwa phiri ngati kale. Ambuye alemekezeke.

Amene mwandidziwa posachedwapa mwina simukudziwa kuti ife tinali a ku Chilobwe. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, namondwe Freddy atavumbitsa mvula yosalekeza ija, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba zambirimbiri, yathu inali imodzi mwa izo. Tinatuluka ndi zovala za m'thupi basi. Bambo akunyumba khoma linawagwera mwendo unathyoka, anakagonekedwa ku Queens, ine ndi ana tinakakhala pa kampu pa sukulu. Dziko lonse anthu opitirira 1,000 anamwalira, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo ena mwa omwalirawo ndi anthu amene tinkapemphana nawo mchere, ena mitembo yawo mpaka lero sinapezeke. Nde ndikamathokoza chonchi musaganize kuti ndayiwala anzanga amene sanatuluke. Sindinayiwale ndipo sindidzayiwala.

Othokoza ndi ambiri koma ndiyambe ndi gulu lathu la pa WhatsApp, chifukwa anthu amalipeputsa ati ndi kagulu kongotumizirana mavesi. Linayamba mu 2020 nthawi ya korona pomwe kusonkhana kunali kovuta, amayi a mlaga wathu anati bola tizigawana mawu pa foni. Kachitidwe kake ndi kophweka, m'mamawa isanakwane 5 koloko wina amatumiza vesi limodzi, kenako mizere iwiri itatu yofotokozera, kenako pemphero lalifupi, basi. Osati ulaliki. Amayi athu aakulu a mvano aja amene salemba amangojambula voice note, tambala akulira kumbuyoko, nthawi zina mpaka kumveka akukupiza mbaula.

Kunena zoona zinthu zili bwino ndinkangoyika Amen n'kumapita ku msika ku Limbe kukatsegula belo yanga ya kaunjika. Kulemera kwake ndinakudziwira pa kampu. Pa kampu pankabwera alaliki ambiri, ena abwino ndithu, ndi masipika ndi jenereta, ulaliki wa ola lathunthu, koma ine mutu sunkagwira. Munthu wagona pa simenti m'kalasi ndi anthu osawerengeka, mwana akutsokomola, mwamuna wako ali kuchipatala sukudziwa ngati mwendo audula, ndiye wina akuyamba mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ine pofika yachiwiri ndili kale ku Queens m'maganizo. Ngakhale kupemphera kunkandikanika, ndikati Atate wathu wakumwamba mawu n'kuthera pompo. Timawu tatifupi tija ndi timene tinkalowa, ngati phala la wodwala, supuni imodzi lero ina mawa.

Tsono foni ndinalibe. Apa ndi pamene ndikufuna ndithokoze achimwene aja a kwaya, dzina sinditchula chifukwa ndikudziwa sakonda zimenezo koma akudzidziwa. Anagula kope la 40 pages, m'mawa uliwonse ankakopera mawu a pa gulu ndi bolopeni yofiira, tsiku pamwamba, vesi, kenako zimene walemba wotumizayo, voice note ya amayi aja ankachita kuimvetsera n'kumalemba mawu ndi mawu. Akamapita ku ntchito ku Ginnery Corner ankadzera pa kampu n'kundisiyira, madzulo n'kudzatenganso kuti akalembe za mawa. Magetsi masiku amenewo kunalibe, foni ankakatchajitsa pa barbershop ya sola kulipira ndalama zawo. Kopelo linayamba kuzungulira m'kalasi monse, amayi a Katolika, a Seventh Day, a mipingo ya pente, ngakhale mayi wina wachisilamu amene tinkagona moyandikana ankati tandiwerengereni za lero. Masamba ake anafewa ndi chinyezi, inki inayenderera, koma ndikadali nalo. Achimwene, Mulungu akukumbukireni pa tsiku limene mudzafune thandizo.

Mawu amene anandigwira kwambiri sanali a madalitso ayi. Anali a Eliya, 1 Mafumu 19. Amayi aja anangoti, taonani mneneri wamkulu amene anatsitsa moto pa Karimeli wathawa, wagona pansi pa mtengo akupempha kuti afe, ndipo mngelo atabwera sanamudzudzule, anangomukhudza n'kuti dzuka udye, pali mkate ndi madzi. Eliya anadya n'kugonanso, mngelo anabweranso kachiwiri, dzuka udye. Ndiye amayi anamaliza ndi kuti lero ngati simungathe kupemphera idyani chimene chapezeka, mugone, Mulungu sanachoke. Abale ine tsiku limenelo ndinadya nsima ya soya pieces ija ndikulira, chifukwa ndinali nditayamba kudziona ngati ndabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro poti sindinkatha kupemphera.

Ena anali a Luka 13. Mukukumbuka zimene anthu ankayankhula m'maminibasi ndi pa Facebook, ati ku Chilobwe kunachuluka machimo, ati Mulungu walanga. Ine zinkandiwawa kuposa njala, chifukwa ndinkadziwa amayi opemphera zedi amene anakwiririka pamodzi ndi ana awo. A mkulu wa mpingo athu anatumiza pamene Yesu akufunsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kufa, kuti kodi mukuyesa anali ochimwa kuposa anthu onse a mu Yerusalemu? Ndipo Yesu mwini wake akuyankha kuti ayi. A mkulu sanawonjezere zambiri, anangoti amene akuweruza a ku Chilobwe awerenge kaye apa. Zikomo bambo. Phiri linagumuka chifukwa mvula inachuluka, mitengo tinatha ndi makala, ndipo ife osauka timamanga kumene malo atchipa. Zimenezi tizinene momwe zilili osamunamizira Mulungu.

Vesi limene gulu lathu limabwerezabwereza ndi Yakobo 4:8, yandikirani kwa Mulungu ndipo adzayandikira kwa inu. Ine kale ndinkaganiza kuyandikirako ndi kukwera m'phiri kukasala kudya, kapena overnight mpaka mawu kusasa. Sindikunyoza, amene mumatha pitirizani. Koma kwa munthu wosweka mtima kuyandikira kumakhala kutsegula kope, kuwerenga mizere itatu, kunena kuti Ambuye ndili pano, n'kupita kukaima pa mzere wa madzi. Mawa chimodzimodzi. Ndi mmene zinalili ndi mana pa Eksodo 16, aliyense ankatola za tsiku limenelo, wosungira mawa ankapeza zagwa mphutsi. Ine ndinkafuna Mulungu andiuze za chaka chonse, kuti tikhala kuti, fizi ichokera kuti, mwendo uchira liti, koma Iye ankangondipatsa za lero.

Apa ndinenepo pang'ono, mundikhululukire. Mauthenga aja akuti tumizani kwa anthu khumi mulandira ndalama sabata ino, mukapanda kutumiza muona zakuda, chonde tiyeni tiwasiye. Amaopseza anthu amene ali kale pa mavuto, komanso amatha bandulo. Ndithokoze a admin athu amene amawachotsa mwaulemu osanyazitsa munthu, komanso amakana zotsatsa malonda pa gulupo ngakhale ine ndemwe ndinafunapo kuikapo madiresi anga kkkk.

Tsopano enanu. Manesi ndi madokotala a ku Queens amene masiku amenewo munkagwira ntchito usiku ndi usana, odwala mpaka pansi, zikomo, mwendo wa bambo sunadulidwe, akuyenda motsimphina pang'ono koma abwerera pa ntchito yawo ya ukalipentala, zitseko za nyumba ino apanga okha. Achemwali anga a ku Zingwangwa amene munatilandira titachoka pa kampu, anthu asanu kuwonjezera pa banja lanu m'nyumba ya lendi, alamu anga osadandaula ngakhale tsiku limodzi, kapena ngati ankadandaula ankadandaulira mumtima ife sitinamve, zikomo alamu. Alandilodi amene munadzatipatsa nyumba kenako n'kumatipirira lendi ikachedwa, zikomo. Amayi a mvano munabwera ndi zitenje, mapoto, ndowa, mbale, wina anandipatsa chipande chake chimene ankaomolera nsima kunyumba kwake, chakuda kale ndi kugwira ntchito, ndikugwiritsabe ntchito mpaka pano. Anzanga a banki m'khonde munandidikira ngongole osandiwerengera chiwongoladzanja, kenako munandikongozanso mpamba woti ndiyambirenso belo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 belo inakwera, simenti inakwera, malata ndiye osanena, ndinati basi zomanga zatha, inu munati tiziyenda pang'onopang'ono. Taonani lero.

Achinyamata a mpingo amene munapita ku Mpemba kukaumba njerwa Loweruka lililonse, malipiro anu nsima ya bonya ndi thobwa, ndilibe mawu. Abusa ndi amayi busa, munabwera ku chipatala, munabwera pa kampu, ndipo chimene ndinakonda n'chakuti nthawi zina munkangokhala nafe chete osanena kanthu. Pa gulu panadzabwera mawu a Yobu 2:13 kuti anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osayankhula, ndipo wotumizayo anati pamenepo ndi pamene anachita bwino, zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa. Ndinaseka ndekha koyamba chichitikire ngozi ija. Inu a ku Joni ndi ku UK amene munkatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba, ena sindinakuonenipo ndi maso, munangomva dzina langa pa gulu, Mulungu abwezere pamene munachotsa.

Apongozi anga aku Thyolo nawonso ndisawaiwale, anatitengera mwana wamng'ono miyezi ija zinthu zili pothina, ankatitumizira nthochi ndi ufa pa minibasi. Amayi zikomo, mdzukulu wanu anabwerako atanenepa moti sitinamuzindikire.

Sindinama kuti zonse zatha. Kukachita mdima kumwamba, olo ka chiperoni chabe, mwana wanga wamkazi amayamba kulongedza mabuku ake m'jumbo osauzidwa ndi munthu, ndipo ine mvula ikamagunda pa malata usiku tulo sindipeza mpaka itasiya. Mutipempherere pa zimenezi. Mukumbukirenso anzathu amene anabwerera m'mbali mwa phiri momwemuja poti alibe kwina kopita, si kuti sakuopa, ndalama ya malo ndi imene palibe. Amene muli ndi kuthekera musawaweruze, athandizeni.

Chinanso, a gulu andiika pa mndandanda wa otumiza mawu, ndapatsidwa Lachinayi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, za Baibulo sindinaphunzire kwina kulikonse, ndimangotsegula Buku Lopatulika limene amayi busa anandipatsa m'malo mwa langa lija linapita ndi matope, n'kulemba chimene ndamva. Nde mukaona ndalemba mokhota mundikonze mwachikondi. Ndalonjeza kuti sindizitalikitsa, vesi limodzi mizere itatu, chifukwa ndikudziwa kuti pa gulupo tsiku lililonse pali wina amene mutu wake sungalandire zambiri, wina ali pa maliro, wina akudikirira wodwala, wina ntchito yatha. Sabata yatha ndinayamba ndi Masalmo 46:1, ndipo manja ankanjenjemera potumiza ngati ndikulemba mayeso.

Mapemphero othokoza tichita kunyumba kuno Loweruka lomaliza la mwezi uno kuyambira 2 koloko masana, abusa avomera kubwera. Nonse ndinu olandiridwa, olo amene simuli pa gulu. Okwera minibasi kwerani za ku Mpemba njira ya ku Chikwawa, malo otsikira ndiika pa gulu, ana adzakuchingamirani pa msewu. Mipando tili nayo yochepa nde amayi mudzatenge zitenje zoyala, achinyamata a kwaya musaiwale ng'oma. Thobwa ndiphika ndekha, za ndiwo tiona mmene Ambuye atithandizire.