Mapazi oyaka usiku: sabata ya m'Julaye kuno ku Joni

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, ndinapeza bambo wina atakhala pa benchi ya pakhomo, kabokosi kali m'manja. Ndi mlonda, kwawo ku Mangochi, ndipo amagwira ntchito usiku cha ku Booysens. Anamva kwa anzawo kuti pa kachipatala kathu pali wa mafizo wolankhula Chichewa.

"Achemwali, mwana wanga wandigulira aka. Anakaona pa Facebook. Akuti kamachiza mapazi, koma ine kuyatsa kwake sindikukudziwa."

Kanali kamakina ka TENS, kotumiza timagetsi tofooka pakhungu pofuna kuchepetsa ululu, kochepa ngati foni, ka batire, kokhala ndi tizingwe tiwiri ndi timapadi tomata pakhungu. Ndinakaika pambali kaye. "Bambo, tiyambe ndi mapaziwo. Amatani?"

Anati akakhala maso amachita dzanzi ngati avala masokosi atatu, koma akangoti agone amayaka moto, nthawi zina kubaya ngati singano. Bulangete likakhudza zala amadzidzimuka. Ali ndi matenda a shuga kwa zaka 11, ndipo amamwa metformin. Nkhani imeneyi ndimaimva pafupifupi sabata iliyonse. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yonyamula mauthenga, ndipo imene imayamba kufooka ndi yaitali kwambiri, yofika ku zala za kumapazi. N'chifukwa chake vutoli limayambira pansi n'kumakwera. Pafupifupi theka la anthu odwala shuga amadzakumana nalo.

Anavula majombo. Ndinatenga kachingwe ka nayiloni kamene timayesera mapazi, kaja kamapindika kakakanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10, ndipo ndinawauza kuti atseke maso n'kumati "eya" akamva. Ndinagunda pansi pa chala chachikulu. Zii. Pansi pa chala chaching'ono. Zii. Kachingwe kanapindika pakhungu lawo ine ndikuona, iwo ali phee kudikira kuti ndiyambe. Kenako nditatembenuza phazi lamanzere ndinaona thuza lalikulu ngati ndalama ya R5 m'mbali mwa chidendene, litaphulika kale, sokosi itamatirira.

"Apa munatani, bambo?"

Anawerama n'kuyang'ana. Sankadziwa kuti pali bala. Titafunsana bwinobwino zinadziwika: m'kanyumba ka alonda muli hita, ndipo kuzizira kwa Julaye kukafika pa fupa amavula majombo n'kusendeza mapazi pafupi. Khungu linapsa iwo osamva kanthu.

Mtima wanga unagunda. Mabala otere ndi amene amathera ku fiyeta, munthu n'kutulukako wopanda chala kapena mwendo. Tsiku limenelo kamakina sitinakayatse. Ndinaitana anesi athu kuti atsuke ndi kumanga balalo, ndipo ndinalemba kalata yopita nayo ku kiliniki ya boma: aone balalo, ayeze HbA1c (magazi oonetsa mmene shuga wakhalira miyezi ingapo yapitayi), ayezenso vitamini B12, chifukwa metformin akamwedwa zaka zambiri amatha kutsitsa B12, ndipo kuchepa kwake nakonso kumawononga mitsempha.

Lachiwiri linali la misana ndi mawondo, palibe chachilendo.

Lachitatu kunabwera mayi amene ndakhala ndikuwaona kwa miyezi inayi. Amagwira ntchito ya m'nyumba, kuima tsiku lonse, kusita ndi kukolopa. Iwo alibe shuga. Anayamba kumwa ma ARV kumudzi kalekale, nthawi imene mankhwala ake anali ndi stavudine. Mankhwala amenewo anapulumutsa anthu ambirimbiri, koma ankawononga mitsempha ya kumapazi, ndipo mu 2009 bungwe la WHO linalangiza mayiko kuti ayambe kuwasiya. Mayiwa anasinthidwa mankhwala zaka zapitazo, koma moto wa kumapazi unatsala.

Kwa iwo TENS imathandiza. Timapadi timamata pa katumba, pamene khungu likumva bwino, osati pa phazi lochita dzanzi. Timatchera kamakina pa 80 mpaka 100 Hz, kutanthauza kuti timagetsi tizigunda ka 80 mpaka 100 pa sekondi, n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono mpaka amve kunyerenyetsa kwamphamvu koma kosapweteka. Iwo amati zimakhala ngati nyerere zikuyenda mu mzere. Mphindi 30 asanagone, ndipo amapeza tulo.

Anandifunsa kuti magetsi angachotse bwanji ululu. Ndinawakumbutsa zimene tonse timachita tikapunthwa: timagwira chalacho n'kuchisisita, ululu n'kuchepako. Uthenga wa kusisita umathamanga m'mitsempha ikuluikulu, n'kukatsekereza uthenga wa ululu pa fupa la msana usanakwere ku ubongo. Maganizo amenewa anawafotokoza Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965, ndipo timakina tonseti tinachokera pamenepo. Kamakina kamasisita m'malo mwa dzanja. Koma mtsempha wowonongeka sikaukonza, ndipo ukakazimitsa ululu umabwerera pakapita nthawi. Izi ndimanena poyera kwa aliyense asanatulutse ndalama zake.

Ndimanenanso kuti si onse amene kamawathandiza. Akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wa TENS pa ululu wa mitsempha mu 2017, anapeza kuti umboni wake ndi wofooka kwambiri. Ku America kuli kena kotchedwa Quell, kovala ngati lamba m'munsi mwa bondo, ndipo mu 2020 kampani yake inavomera kulipira madola 4 miliyoni bungwe la boma loteteza ogula la FTC litaiimba mlandu wolonjeza zoposa umboni umene inali nawo. Ndiye ndikaona malonda a pa intaneti akuti "chimachiza", zimandipweteka, chifukwa ndikudziwa amene akugula: mlonda, wosoka zovala, wa m'dimba, munthu amene ndalama yomweyo akanaitumiza kumudzi. Kuno timabwereketsa kathu kwa sabata ziwiri. Kakathandiza, gulani. Kakapanda kuthandiza, simunataye kanthu.

Lachinayi linandikwiyitsa. Mnyamata wa zaka za m'ma 20, wosoka zovala ku Fordsburg, anabwera akuyenda monyang'ama ngati akuponda minga. Ali pa mankhwala a TB mwezi wachitatu. Ndinamupempha kuti andionetse mapilitsi ake onse, ndipo anakhuthula kajumbo patebulo. Timapilitsi ta pyridoxine, vitamini B6, tinali tosatsegula n'komwe.

"Anangoti ndi mavitamini, asisi. Ine ndimadya bwino."

Palibe amene anamuuza kuti isoniazid, mmodzi wa mankhwala a TB, amadya vitamini B6 m'thupi, ndipo kapilitsi kameneko anamupatsa kuti kateteze mitsempha yake. Chiganizo chimodzi chokha pa windo lolandirira mankhwala, m'chilankhulo chimene iye amamva, chikanamupulumutsa ku ululu umenewu. Ndinamuuza kuti mankhwala a TB asasiye ngakhale tsiku limodzi, ayambe kumwa B6 yake, ndipo mawa lomwe apite ku kiliniki ndi kalata yanga kuti adokotala aone ngati mlingo wake ukufunika kukwezedwa. Iyeyu sankafunika kamakina ayi.

Madzulo ake agogo ena anapempha kubwereka TENS, koma ali ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, choncho ndinakana. Sitiikanso pakhosi, pa bala, pamimba pa mayi woyembekezera, ndipo wodwala khunyu ayenera kuonana ndi adokotala kaye.

Lachisanu bambo a ku Mangochi aja anabweranso, bala lili louma bwino, kalata ya ku kiliniki ili m'thumba la malaya. Shuga anapezeka wokwera, zotsatira za B12 akudikira. Adokotala anawapatsa mankhwala a ululu wa mitsempha, amitriptyline wa mlingo wochepa, ndipo anagwirizana kuti popeza amagona masana, azimwa akaweruka, chifukwa amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa. Ndinawauza kuti akapanda kuyanjana nawo asangosiya mwakachetechete, abwerere akanene, chifukwa palinso ena monga gabapentin, pregabalin ndi duloxetine. Ibuprofen amene ankagula pa shopu tsiku ndi tsiku ndinawapempha kuti asiye: pa ululu wa mitsempha sathandiza kwenikweni, ndipo impso za munthu wa shuga sizifuna kulemetsedwa.

Kenako tinatsegula kabokosi kaja. Ndinawamata timapadi pa katumba wa mwendo wamanja, ndipo ndinawapatsa kamakina kuti akweze okha. Anakweza kamodzi, kawiri, kachitatu, n'kumwetulira.

"Ee, zikuyenda, achemwali. Zikuyendadi."

Tinagwirizana zoti ayese sabata ziwiri, azilemba pa kalendala tsiku limene agona bwino. Hita ikhale kutali ndi mapazi, avale masokosi awiri a thonje. Madzi osamba aziyesa ndi chigongono. Asanavale jombo azipisamo dzanja, mwina mwalowa kamwala. Ndipo tsiku lililonse aziyang'ana pansi pa mapazi onse awiri.

Anati msana suwalola kuwerama mpaka kuona kuphazi. Ndinatsegula kabati n'kuwapatsa kagalasi kakang'ono kamene timasungira odwala otere, n'kuwaonetsa kuika kwake pansi, phazi pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali chidendene chawo chong'ambikang'ambika ndi bandeji yoyera ija, kenako anakulunga kagalasiko m'mpango n'kukaika m'bokosi limodzi ndi kamakina. Anafunsa ngati Lachisanu likudzali angabwere ndi mnzawo wa pa geti la kuseri, amenenso amavula majombo usiku.