Loweruka lopopera penti: boneti yatheka, buti yakana

Ndikulemba izi cha m'ma 9 koloko usiku, m'zikhadabo mudakali penti wofiira ngakhale ndasamba kawiri. Kuseri mu shedi, boneti ya galimoto yanga yakale ya MGB yagona pa mabenchi awiri, ikuuma. Ndapitako kale katatu ndi tochi kukaisuzumira, ndipo ndikamaliza kulemba ndipitakonso.

Kwa amene mwangoyamba kutsatira nkhaniyi: galimotoyi ndinaigula zaka ziwiri zapitazo konkuno ku Zomba, itakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka matayala kumira m'dothi. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala. Wina anali ataipaka penti wa m'nyumba wabuluu ndi bulashi, mizere ya bulashiyo ikuoneka uli patali. Ndi ya 1966, yopanda denga, mipando iwiri yokha. Inapangidwa ku Abingdon, kufupi ndi Oxford ku England, komwe fakitale ya MG inatulutsa mtundu umenewu kuyambira 1962 mpaka 1980, magalimoto oposa 500,000. Injini yake ndi ya 1798cc, makabureta awiri a SU, ndipo mabatire ake ndi awiri a mavoti 6 obisika kuseri kwa mipando. Tsiku lomwe ndinachotsa zotchinga za mkati mwa zitseko, ndinapeza mtundu wake weniweni utasungika pamalo pomwe dzuwa ndi bulashi sizinafike: kufiira kowala komwe a MG ankakutcha Tartan Red. Kuchokera tsiku limenelo, za mtundu wina sindinaganizenso.

Ndinadzuka 4 koloko kudakali mdima. September uno mphepo imayamba cha m'ma 9, ndipo ikayamba imanyamula fumbi lonse la m'msewu pamodzi ndi tiphulusa takuda tochokera kumene anyamata akuotcha tchire posaka mbewa. Aliyense wofuna kupopera penti pakhomo nyengo ino ayenera kuthana nazo dzuwa lisanakwere. Shedi ndinaitchinga dzulo ndi mapepala apulasitiki mbali zonse, kusiya kampata kamodzi komwe ndinaikapo neti yakale ya udzudzu kuti mpweya uzituluka koma tizilombo tisalowe. Pansi ndinathirapo zidebe zinayi za madzi kuti fumbi ligone. Kenako ndinatsegula kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa. Madzi a dzimbiri omwe anatuluka mmenemo akanadzaza kapu. Madzi amenewo akanangodutsa mupayipi, bwenzi atathera mu penti.

Amalume anafika 5 koloko ili pafupi, panjinga yawo, atavala ovolosi yomwe yaona magalimoto ambiri kuposa ine. Anagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto m'magalaji a ku Limbe mpaka msana unayamba kuwavuta. Ine ndinagona ndi mtima woti lero tipopera galimoto yonse, zitseko, boneti, buti, thupi, zonse pakamodzi. Pulaima wotuwa, penti wapansi amene amayamba kupakidwa, ndinali nditamukwecha sabata yonse, kuyambira sandipepa ya 320 mpaka ya 600 yonyowetsa, ndipo m'maso mwanga zonse zinali see, kusalala ngati mbale.

Iwo sanayang'ane n'komwe. Anatenga kansalu kopyapyala, kukaika pansi pa chikhatho, n'kuyamba kuyendetsa dzanja kuchokera kutsogolo kwa galimoto, maso ali kudenga. Anadutsa chitseko chakumanzere, kufika pamwamba pa tayala lakumbuyo, dzanja linaima. Anabwerera pang'ono, kudutsanso, kuimanso pomwepo.

"Mphwanga, bweretsa dzanja."

Ndinaika chikhatho pomwe analoza. Ulendo woyamba sindinamve kanthu. Wachiwiri, atandiuza kuti nditsinzine, ndinamva kadzenje kosaya kotalika ngati chala, chitsulo chitangolowa pang'ono zedi.

"Amalume, kameneka kangaoneke?"

"Pa pulaima sikaoneka. Penti akawala, kadzakupatsa moni m'mawa uliwonse."

Anapopera kautsi kochepa ka penti wakuda pamalopo, kudikira kuti kaume, n'kudutsapo ndi sandipepa yokulunga pathabwa lalitali. Pamalo onse okwera wakudayo anachoka, koma m'kadzenjemo anatsalira, chilumba chakuda pakati pa kutuwa. Atachitanso chimodzimodzi mbali inayo, tinapeza tina tiwiri. Apo nkhani inatha: thupi la galimoto silipentedwa lero. Tinagwirizana zopopera boneti ndi chivundikiro cha buti zokha, poti zimenezo zinali zochotsa kale ndipo dzanja lawo linazivomereza. Mtima unandiwawa, sindinama. Ndinali nditawauza kale anzanga kuti Lamulungu abwere adzaone galimoto yofiira. Amalume anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kupempha tiyi.

Sindikangana nawo chifukwa cha zomwe zinachitika chaka chatha ndi masilu, zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko. MGB ilibe chasisi yapadera ngati ya lole kapena pikapu. Thupi lake lomwelo ndilo limanyamula chilichonse, ndipo poti denga palibe, chomwe chimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti galimoto isapindike pakati ndi masilu amenewa, omwe ndi zitsulo zingapo zowotcherera pamodzi ngati bokosi. Ine ndinkaona ngati ndi abwino. Amalume anayendetsapo maginito, maginito akungogwa. Titakumba tinapeza bodi fila, phala lomatira maenje a pachitsulo, yokhuthala ngati nsima ya dzulo, kumbuyo kwake waya wa khola la nkhuku ndi nyuzipepala zopinda, chitsulo chenicheni dzimbiri litadya kalekale. Ndinatenga chopukusira kuti ndidule zonse nthawi yomweyo, iwo anandigwira dzanja. Anayamba awotcherera mapayipi opingasa pamakomo onse awiri kuti thupi lisasunthe, kenako ndiye tinadula mbali imodzi, kuimaliza, n'kupita inayo. Ntchito imeneyo inatidyera miyezi isanu ndi umodzi ya Loweruka lililonse. Lero zitseko zimatsekeka ndi chala chimodzi, mpata wake ndi wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Maginito omwewo anandiopseza pa boneti. Sanagwire paliponse, ndipo ndinkaganiza kuti yonse ndi bodi fila. Koma ayi, ma MGB oyambirirawa, mpaka cha m'ma 1969, boneti yake inali ya aluminiyamu. N'chifukwa chake munthu mmodzi amainyamula bwinobwino, komanso n'chifukwa chake inalibe dzimbiri ngakhale dontho. Vuto lake n'lakuti aluminiyamu sagwira pulaima wamba. Amafuna pulaima wa asidi uja wodya pang'ono pamwamba pa chitsulo kuti wina apeze pogwira, ndipo ndinachita kukwera minibasi mpaka ku Blantyre kukamufuna. Nyundo nayonso safuna yolemera, ukamenya mwamphamvu amatambasuka osabwereranso.

Titamwa tiyi ndi mandasi, mayi a kunyumba anatenga ana kupita nawo kwa azakhali awo, atanula zovala zonse pachingwe. Galu tinamumangirira kutsogolo, nkhuku sitinazitsegulire. Penti wa 2K, amene amasakanizidwa ndi hadena womuumitsa, si woseweretsa. Hadena wake ali ndi mankhwala oononga mapapo, ndipo kansalu ka pamphuno kaja sikatchinga kanthu. Ndinagula masiki ya mafyuluta, magalasi ndi magolovesi, ndipo ndinawakakamiza amalume kuvala yawo, ngakhale ankati iwo anapopera zaka zonsezo atangomanga mpango n'kumwa mkaka pambuyo pake. Chifuwa chomwe amatsokomola m'mawa uliwonse ndimachimva ine. Pa ichi chokha ndiye sindinawagonjere, ndipo anavala.

Tinasakaniza monga zalembedwa pachitini: magawo awiri a penti, gawo limodzi la hadena, thinazi pang'ono. Ndinasefa pa sitokingi yakale polowetsa mu kapu ya sipulei gani. Ndinayesa kaye pakatoni mpaka utsi wake unatuluka wotambalala bwino, wosalavula madontho. Kenako ndinapukuta boneti ndi mankhwala ochotsa mafuta, nsalu imodzi yonyowa, ina youma pambuyo pake.

Manja ankanjenjemera. Amalume anaima kumbuyo kwanga, akulankhulira m'masiki mawu osamveka bwino: gani italikire chikhatho chimodzi chotambasula, dzanja liyende lonse osati kupinda pamkono, uyambe kukoka kunja kwa boneti ndipo usiye utadutsa mbali inayo, mzere uliwonse ukwirire theka la unzake. Ulendo woyamba unali wopyapyala, pulaima akuonekerabe pansi, mtundu wake ngati wa chitumbuwa chosapsa. Ndinkafuna kubwerezanso pompo, koma anandilanda gani. Tinadikira mphindi 15. Anakhudza tepi ya m'mphepete ndi chala, penti akumata koma osatsatira chalacho, n'kundibwezera.

Ulendo wachiwiri ndi umene sindidzauiwala. Ndinachepetsa liwiro la dzanja pang'ono, ndipo kumbuyo kwa gani penti ankagona wonyowa, timadontho tikulumikizana tokha mpaka pamwamba ponse kukhala ngati madzi a padziwe kulibe mphepo. Ndili pakati pa boneti ndinaona babu la kudenga likuonekera mmenemo, kenako malata, kenako mutu wanga ndi masiki. Zaka ziwiri ndakhala ndikuona dzimbiri, buluu wa bulashi ndi kutuwa kwa pulaima, lero ndinaona kufiira komwe galimotoyi inatuluka nako ku Abingdon. Wachitatu tinaupopera patapita mphindi zina 15. Palibe pomwe penti anayenderera. Amalume anagwedeza mutu kamodzi, ndipo kwa iwo kumeneko ndi kuyamikira kwakukulu.

Chivundikiro cha buti ndicho chinatibweza m'mbuyo. Ulendo woyamba utangogona, m'mphepete mwake kumanja penti anayamba kuthawa malo ena, kusiya timaenje tozungulira, pulaima akuonekera pakati. Tinali tinayi pamzere umodzi, ndipo titasuzumira kunsi kwa mphepeteyo tinapeza kachisanu. Amalume anaika dzanja lawo m'mwamba pang'ono pa timaenjeto, zala zinayi ndi chala chachikulu, zinakwanira ndendende. Titapukuta chivundikirocho ndinachisuntha pang'ono pabenchi ndisanavale magolovesi, ndipo m'manja ndinali nditangosamba ndi madzi okha titadya mandasi. Mafuta ochepa chotero, osaoneka ndi maso, anakwanira kukaniza penti. Ndinafunsa ngati ulendo wachiwiri wokhuthala ungakwirire. Anati timaenjeto timangokula. Tichisiya chiume, tidzakwecha mpaka pa pulaima, kupukuta bwino, kuyambiranso. Penti amene anatsala mu kapu anaumira momwemo, poti akakumana ndi hadena sadikira mawa. Ndalama yake ndikaiwerengera imandipweteka, chifukwa chitini chilichonse cha pentiyu ndi miyezi yosunga pang'onopang'ono.

Magetsi anazima cha m'ma 10, mwamwayi titatsuka kale gani ndi thinazi. Akanazima tili pakati pa ulendo wachiwiri wa boneti, bwenzi ndikulemba nkhani ina. Mphepo nayo inayamba nthawi yake, mapulasitiki akuwomba, ine mtima uli m'mwamba, koma pamwamba pa penti panali patayamba kale kugwirana.

Masana, titadya nsima ya usipa ndi chigwada, tinabwerera ku timadzenje tija. Amalume anagogoda kuchokera mkati ndi kanyundo kakang'ono, chitsulo chotsamira chili kunja, mpaka tiwiri tinatuluka tokha. Kachitatu, ka pamwamba pa tayala, kali pamalo pomwe dzanja silifika kuseri, ndiye tinapaka bodi fila yopyapyala ngati chikhadabo, kukwecha ndi 80, kenako 180. Ntchito imeneyi siifuna magetsi, imafuna mapewa. A neba anabwera kudzaima pampanda, n'kufunsa funso lomwe ambiri amandifunsa: bwanji ndalama zonsezi osagula Sienta yoti izinyamula anthu n'kumabweretsa kangachepe madzulo? Funso lawo ndi lanzeru, ndipo ndinawayankha zoona. Ndili mwana ndinkaona galimoto ngati iyi ikukwera msewu wa ku Ku Chawe, yopanda denga, ikulira m'makona aja, ndipo ndikufuna tsiku lina ndikwere msewu womwewo ndi amalume pambali panga, m'galimoto yomwe manja athu anaidzutsa. Anaseka, koma anapempha kuona boneti. Ndinawatsegulira pulasitiki pang'ono. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Koma ndiye yafiira."

Ana atabwera madzulo, mwana wanga wamkazi ndi amene anaona chomwe tonse tinaphonya. Kufupi ndi mphuno ya boneti, kumanzere, kachilombo kakang'ono ngati njere ya therere kanatera penti adakali wofewa, n'kuyenda pang'ono kasanafe, kusiya kanjira ka timiyendo kotalika ngati mpunga umodzi. Dzanja langa linapita lokha kuti ndikachotse. Amalume, omwe anali atakwera kale njinga, anakuwa ali pageti kuti ndisakhudze. Penti aume sabata yathunthu, kenako tidzadutsapo ndi sandipepa ya 1500 yonyowetsa, ya 2000 pambuyo pake, n'kupukuta ndi polishi, ndipo palibe adzadziwe kuti panatera kanthu.

Lolemba ndikaweruka ndikagula sandipepa ya 400 ndi ya 600, lita ina ya thinazi, magolovesi bokosi lathunthu ndi sopo wamadzi woti azikhala mu shedi momwemo. Pulaima wa pa timadzenje tija ndipopera Lachitatu madzulo magetsi akakhalapo. Amalume ati Loweruka likudzali abwera 5 koloko ndi kansalu kawo, ndipo za kupenta thupi tidzakambirana dzanja lawo likadzazungulira galimoto yonse osaima.