Madzi a diripu safanana, ngakhale matumba ake amaoneka chimodzimodzi

Pa phunziro lobwezeretsa madzi m'mitsempha ya magazi, mfundo imene ndaigwiritsa kwambiri ndi ya komwe madziwo amapita akalowa m'thupi.

Ringer's lactate ndi normal saline, mitundu iwiri ya madzi amchere a diripu, ndiwo timathamangira munthu akataya madzi ambiri. Pa lita imodzi, mamililita pafupifupi 250 okha ndiwo amakhala m'mitsempha, ena onse amadutsa n'kulowa m'minofu. Dextrose 5%, amene ndi madzi a shuga, ndiye sathandiza pa ntchitoyi. Thupi likangodya shugayo kumatsala madzi wamba, ndipo m'mitsempha simukhala ngakhale mamililita 100. Kumuika dextrose munthu amene BP yagwa n'kumuchedwetsa chabe.

Pakati pa awiriwo, ine ndimakondera Ringer's. Saline ali ndi michere ya sodium ndi chloride yokwana mamilimolo (mmol) 154 uliwonse pa lita, ndipo akachuluka asidi amakwera m'magazi. Ringer's ali ndi potaziyamu pang'ono komanso lactate, amene chiwindi chimamusandutsa bicarbonate wochepetsa asidi m'magazi. Potaziyamu ndi bicarbonate ndi zinthu zimene wodwala kolera amataya potsegula m'mimba. Ife a ku Blantyre, amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, muyeso wa Plan C, ndondomeko ya WHO yothandizira amene wataya madzi ambiri zedi, tiziudziwa pamtima: mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse. Woposa chaka chimodzi amalandira 30 pa kilo m'mphindi 30, kenako 70 pa kilo m'maola awiri ndi theka. Wosakwana chaka amalandira 30 mu ola limodzi, 70 m'maola asanu. Mwana wa makilo 20 afunika mamililita 600 m'theka la ola, kutanthauza madontho 400 pa mphindi ngati chubu chake ndi cha madontho 20 pa mililita. Amenewo sawerengeka. Mumaika kanyula (kachubu kolowetsa mumtsempha) yaikulu imene mtsempha ungalole, n'kutsegula diripu yonse, n'kumayang'ana mulingo pa thumba.

Wotaya magazi, monga mayi amene wangochira kumene, madzi amangomugwiriza podikira magazi. Chubu cha magazi mutsuke ndi saline basi, chifukwa kashiamu wa mu Ringer's angaundanitse magaziwo.

Kuthamangitsa madzi kumaphanso. Kafukufuku wa FEAST wa 2011 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anapeza kuti ana otentha thupi kwambiri, osatsegula m'mimba, amene anapatsidwa madzi mothamanga anamwalira ochuluka kuposa amene sanapatsidwe. Mwana wonyentchera nayenso mtima wake supirira madzi ambiri. Choncho mphindi 15 zilizonse muonenso kugunda kwa mtima ndi kapumidwe. Akayamba kubanika, zikope kutupa, kapena m'mapapo mukumveka madzi, imitsani diripu nthawi yomweyo.